Mimba ya mapasa idziwike mwezi wachitatu usanathe

Mawu okambidwa pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama



M'midzi ya kuno, mimba yaing'ono sikambidwa pabwalo. Mayi akadumpha mwezi amayamba wasunga nkhaniyo mumtima, kenaka amauza mwamuna wake, mwinanso agogo kapena mlangizi wake. Ena onse amadzadzionera okha chitenje chikayamba kukwera. Zifukwa zake n'zodziwika. Pali kuopa anthu a maso oipa amene angaimange mimbayo. Pali manyazi, makamaka kwa mtsikana wapasukulu kapena kwa mayi amene mwana wake wina akadali kumsana. Palinso kuopa kulengeza chinthu chimene mwina sichikhalitsa. Khonsolo siikupempha kuti mayi aliyense aziimika anthu pamjigo n'kuwauza kuti ndi woyembekezera. Pempho lake n'lakuti chinsinsicho chisafike pomubisira namwino wa kusikelo.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse m'Malawi amachirira kuchipatala. Pamenepo dziko linachita bwino, ndipo mafumu anagwirapo ntchito yaikulu. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 ndiwo amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Ambiri amafika mimba itaonekera kale. Kwa mayi amene wanyamula mwana mmodzi, kuchedwa kotereku n'koipa. Kwa mayi amene wanyamula ana awiri, kumamutayitsa mwayi umene sabwereranso.

M'chaka cha 2016, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, ulendo woyamba uchitike masabata 12 asanathe. Linalangizanso kuti aunikidwe m'mimba ndi makina a sikani kamodzi mimba isanafike masabata 24, pofuna kudziwa msinkhu weniweni wa mimbayo, kuona ngati mwana akupangika bwino, ndi kudziwa ngati ana ali oposa mmodzi. Mapasa si chinthu chachilendo kuno. Pa dziko lonse, amayi pafupifupi 12 mwa 1,000 alionse ochira amabereka mapasa, pamene mu Africa nambalayi imafika pa 17. M'dera la mfumu yaikulu iliyonse, kaya kwa Chiseka, kwa Masula, kwa Chadza kapena kwa Kalumba, chaka sichitha popanda mabanja olandira ana awiri nthawi imodzi.

Chimene sikani yoyambirira imaona

Mapasa alipo a mitundu iwiri. Ena amachokera m'mazira awiri osiyana a mayi. Awa amafanana monga mmene ana a bere limodzi amafananira, ndipo angathe kukhala mwamuna ndi mkazi. Aliyense amakhala ndi nsengwa yake ndi nsupa yake. Mapasa ambiri a mu Africa ndi a mtundu umenewu, ndipo amabwera kawirikawiri kwa amayi okulirapo, kwa amayi amene abereka kangapo, ndi kwa amene kuchikazi kwawo kuli mapasa.

Ena amachokera m'dzira limodzi limene linagawika pawiri. Awa ndi aja ofanana ngati nyemba za m'khoko limodzi, ndipo onse amakhala aamuna kapena onse aakazi. Mwa mapasa atatu alionse a mtundu uwu, awiri amakhala pa nsengwa imodzi, kudya ndi kupuma kudzera malo amodzi.

Funso lalikulu pa mimba ya mapasa ndi limeneli: kodi nsengwa ilipo imodzi kapena ziwiri? Yankho lake limaoneka bwino pakati pa masabata 11 ndi 14, kuwerengera kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Imeneyi ndi nthawi imene mayi wangodumpha miyezi iwiri kapena itatu, mimba isanaonekere kwa anthu. Pa nthawiyi wounika amayang'ana kachikopa kolekanitsa ana awiriwo. Kakakhala kochindikala pamene kakumana ndi nsengwa, ndiye kuti nsengwa zilipo ziwiri. Kakakhala kopyapyala mpaka kumapeto, nsengwa ndi imodzi. Mimba ikakula, kachikopako kamapyapyala, ndipo nsengwa ziwiri zoyandikana zimagundana n'kumaoneka ngati imodzi. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, ngakhale katswiri amavutika kusiyanitsa. M'mera mpoyamba.

Ena amaopa sikani poganiza kuti imawotcha mwana kapena imachepetsa magazi. Makinawa sabaya, sacheka, ndiponso sagwiritsa ntchito mphamvu ya ekisire. Amatumiza mafunde a phokoso losamveka m'khutu, ndipo mafundewo akabwerera amajambula chithunzi pagalasi. Mayi amangopakidwa mafuta oterera pamimba, ndipo posakhalitsa amadzuka n'kumapita. Si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chili ndi makinawa kapena munthu wodziwa kuunika tsiku lililonse. N'chifukwa chake mayi akayamba sikelo ku Mitundu, ku Nathenje kapena pa chipatala china chapafupi, afunse namwino malo ndi tsiku limene angakaunikidwe, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.

Ana awiri pa nsengwa imodzi

Pamene ana awiri ali pa nsengwa imodzi, mitsempha yawo ya magazi imalumikizana mkati mwa nsengwayo. Nthawi zambiri magazi amayenda mofanana. Koma pa mimba 10 mpaka 15 mwa 100 za mtundu uwu, magazi amayamba kuchoka kwa mwana mmodzi kupita kwa mnzake mopitirira muyeso. Vutoli limakonda kuyamba pakati pa masabata 16 ndi 26.

Zizindikiro zake zimaonekera m'madzi a m'nsupa. Mimba ikafika pakatikati, madzi amenewa amachokera makamaka mu mkodzo wa mwanayo. Mwana amene akutaya magazi, impso zake sizilandira magazi okwanira, sakodza, ndipo nsupa yake imauma. Mnzake amene akulandira magazi ochuluka amakodza kwambiri, madzi amadzadza nsupa, ndipo mtima wake umalemedwa. Onse awiri amakhala pa chiopsezo. Mayi amaona mimba ikukula modzidzimutsa m'masiku owerengeka, ikulimba ngati ng'oma, ndipo amabanika akagona. Kumudzi ena amaseka n'kumati anawo ndi onenepa. Chimenechi ndi chizindikiro chopitira kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa chifukwa chimenechi, akatswiri amalangiza kuti mapasa a nsengwa imodzi aziunikidwa masabata awiri alionse kuyambira pa masabata 16, pamene a nsengwa ziwiri aziunikidwa masabata anayi alionse kuyambira pa masabata 20. Maulendo otere ndi ambiri kwa banja lokhala kumunsi kwa mapiri a Dzalanyama. Komabe banja limene ladziwa msanga mtundu wa mapasa ake limadziwanso ndalama za ulendo zimene lifunika kusunga, ndipo achipatala amadziwa mayi woyenera kutumizidwa msanga ku Bwaila, ku Nkhoma kapena ku Kamuzu Central. Sikani siichiza matenda, ndipo si vuto lililonse limene madokotala angalithetse. Koma vuto likaoneka nthawi ilipo, angathe kuchepetsa madzi ochuluka, kubaya mayi jakisoni wokhwimitsa mapapo a ana, ndi kusankha tsiku ndi malo oyenera kuti anawo abadwire.

Thupi la mayi

Mimba ya mapasa imafuna zambiri m'thupi la mayi. Magazi amachepa msanga, choncho mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo ndi oyenera kumwa tsiku ndi tsiku, osati kuwasunga pansi pa mphasa. Malungo amachepetsanso magazi ndi kufooketsa nsengwa. Mayi agone m'neti usiku uliwonse ndi kulandira Fansidar pa nthawi imene namwino wanena. Kuyezetsa HIV ndi chindoko pa ulendo woyamba kumateteza ana awiri pa nthawi imodzi.

Choopsa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba. Mayi wa mapasa ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri kapena katatu kuposa mnzake wa mwana mmodzi. Pali chikhulupiriro chakuti kutupa miyendo ndi chizindikiro chabwino cha mapasa. N'zoona kuti mapazi amatupa pa mimba zambiri. Koma kutupa nkhope ndi manja, mutu wosasiya kupweteka, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kuona nyenyezi masana, ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, ndi zizindikiro zakuti mayi angathe kukomoka nthawi ina iliyonse. Matendawa nthawi zina sapereka chizindikiro chilichonse, ndipo amadziwika pokhapokha namwino atayeza kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo. Kwa amayi amene ali pa chiopsezo chachikulu, achipatala amapereka aspirin wa mlingo wochepa, amene amathandiza akayambidwa mimba isanafike masabata 20. Ameneyu ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, osati ogula pa okala. Mayi wofika mochedwa amapeza nthawi yake itadutsa.

Kuthamanga kwa magazi ndi kutaya magazi ambiri pochira ndi zina mwa zinthu zimene zimawononga impso za amayi. Impso zikaima, munthu amafunika makina osefa magazi, amene achipatala amawatchula kuti dialysis. Makinawa alipo ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma odwala owafuna ndi ambiri. Munthu amene impso zake zinaferatu amalumikizidwa ku makinawa kawiri kapena katatu pa sabata, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse, kwa moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ina. Banja la ku Dzalanyama likafika pamenepo, munda umagona ndipo mbuzi zimatha.

Nkhani ya impso imakhudzanso ana. Timasefa ta mu impso timamaliza kupangika mimba ikamafika masabata 36. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi kwambiri angathe kukhala ndi timasefa tochepa, ndipo akamakula amakhala pa chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso. Mwana wodwala impso amajomba kusukulu, amaletsedwa zakudya zina ndi madzi ambiri, ndipo amasiyana ndi anzake. Sabata iliyonse imene mapasa akhala m'mimba mwa mayi wathanzi ndi phindu limene anawo adzayenda nalo mpaka ukulu.

Kubadwa masiku asanakwane

Lipoti la pa dziko lonse la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane: ana 18 mwa 100 alionse. Kwa mapasa nambalayi ndi yaikulu zedi, pakuti oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'chaka cha 2017, woona maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, anapeza kuti mwana mmodzi mwa mapasa asanu alionse amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ana obadwa okha. Imfa zambiri zimachitika m'mwezi woyamba, ndipo zambiri mwa izo n'zopeweka.

Njira zothandizira ana otere zilipo m'dziko muno. Chisamaliro cha kangaroo, chimene chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, chinafika pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999 ndipo chinafalikira m'zipatala zambiri. Mwana amamangidwa pachifuwa, khungu lake kukhudza khungu la womunyamula, usana ndi usiku, kuti asazizidwe ndiponso aziyamwa pafupipafupi. Kwa ana ovutika kupuma kuli makina otchedwa Pumani, amene anakonzedwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth. Koma zonsezi zimathandiza mwana amene wabadwira pamene zinthuzo zili, kapena wafikitsidwapo msanga ali wofunda.

Pa mapasa, mayi yekha sangakwanitse kangaroo usana ndi usiku. Mwana wachiwiri amafuna chifuwa china, ndipo chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi. Agogo ndi azakhali nawonso angathe kulandizana. Mayi angathe kuyamwitsa ana awiri mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ngati akudya mokwanira ndipo wina wamulandira mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi.

Malo ochirira

Madokotala salola mimba ya mapasa kufika masabata 40 monga zimakhalira ndi mwana mmodzi. Kawirikawiri amakonza zoti mapasa a nsengwa ziwiri abadwe pa masabata 37, ndipo a nsengwa imodzi pa masabata 36. Tsiku limeneli silingawerengedwe bwino ngati msinkhu wa mimba sunadziwike poyamba.

Ngati mwana woyamba watsogoza mutu, mayi angathe kuchira bwinobwino popanda opareshoni. Ngati wakhala chopingasa kapena pali vuto lina, opareshoni imakonzedwa nthawi ilipo. Mwana wachiwiri ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu. Mnzake akatuluka, iye angathe kutembenuka n'kupingasa, mchombo wake ungathe kutsogola, kapena nsengwa ingathe kuyamba kuchoka iye asanabadwe. Pamenepo nthawi imawerengedwa m'mphindi. Anawo akabadwa, chiberekero chimene chinatambasuka kwambiri chimachedwa kubwerera, ndipo mayi angathe kutaya magazi ambiri. Choncho mapasa ayenera kubadwira pa chipatala chimene chili ndi chipinda cha opareshoni, magazi osungidwa ndi malo osamalira ana akhanda. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, ndi oopsa pa mimba iliyonse, ndipo pa mapasa angathe kung'amba chiberekero.

Aliyense wa kuno akudziwa mmene misewu ya fumbi imakhalira kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene Diamphwe, Lilongwe ndi timitsinje totsika m'mapiri tadzadza. Mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku, mvula ikugwa, amayamba wakwera ngolo kapena kabaza kuti afike pa chipatala chapafupi. Atafika, namwino akapeza kuti muli ana awiri ndipo woyamba wapingasa, pamafunikanso ambulansi ya ulendo wina wopita mumzinda. Mayi yemweyo akadadziwika pa mwezi wachitatu, bwenzi usiku umenewo ukumupeza ali kale kuchidikiro, pafupi ndi chipinda cha opareshoni, ndi womudikirira wake, ufa wake ndi zitenje za ana awiri.

Zimene khonsolo ikupempha

Kwa mafumu: malamulo a m'midzi olimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo kusikelo anabweretsa zabwino. Koma alipo amayi amene amuna awo ali ku Joni, ku Mozambique kapena m'maesiteti a fodya, ndipo alipo atsikana amene anawakana mimba. Kumene mayi wotere amafunika kalata ya amfumu, kalatayo iperekedwe tsiku lomwelo, popanda malipiro ndiponso popanda kuulutsa nkhani yake. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo mudzi usakhale wowonjezera manyaziwo.

Kwa anankungwi, apongozi ndi agogo: iwo ndiwo amamva nkhani ya mimba poyamba. Malangizo awo oyamba akhale otumiza mwana wawo kusikelo mwezi womwewo. Namwino ndi mlangizi wa zaumoyo ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala.

Kwa abambo: ndalama za ulendo zisungidwe pa nthawi yogulitsa fodya, mtedza ndi soya, osati kuyamba kufunafuna matenda atayamba. Nambala za foni za woyendetsa njinga yamoto kapena galimoto wodalirika zikhale zolembedwa pachikuto cha kabuku ka kuchipatala. Abambo ndi achinyamata athanzi aperekenso magazi pamene a Malawi Blood Transfusion Service afika m'dera, pakuti magazi amasowa kwambiri sukulu zikatsekera.

Kwa magulu a banki mkhonde: thumba la zadzidzidzi liganizire mayi wa mapasa, amene maulendo ake a kuchipatala ndi ochuluka kuposa a anzake.

Kwa makomiti a VDC ndi ADC pamodzi ndi makhansala: polemba ntchito zofunika m'mapulani a chitukuko, milatho ing'onoing'ono, misewu yolowera ku zipatala, zidikiro za amayi, madzi ndi magetsi a pa chipatala ziikidwe patsogolo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi uliwonse adziwe mayi aliyense wa mapasa wa m'dera lake, tsiku lake lobwerera kusikelo, ndi tsiku lonyamuka kupita kuchidikiro.

Kwa amayi eni ake: kufunsa si kupanda ulemu. Mayi akauzidwa kuti ali ndi mapasa, afunse mafunso anayi asanatuluke m'chipinda. Nsengwa ilipo imodzi kapena ziwiri? Adzaunikidwenso liti? Akachirire kuti? Apite kuchidikiro tsiku liti? M'zipatala zikuluzikulu mumakhalanso ophunzira za udokotala ndi unamwino ochokera ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Nkhoma. Chigamulo cha chithandizo chimachokera kwa aphunzitsi awo, koma ophunzirawa kawirikawiri amakhala ndi mpata wokhala pansi, kuwerenga zolembedwa m'kabuku ndi kuzifotokoza m'Chichewa. Mayi ndi womudikirira asachite nawo manyazi.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala osadikira tsiku la sikelo ndi izi: kutaya magazi, kusweka kwa nsupa, kupweteka kwa msana ndi m'mimba kobwerezabwereza masiku asanakwane, mutu waukulu, kutupa nkhope, kukomoka, kutentha thupi, mimba kukula modzidzimutsa, ndi ana kusiya kugunda monga mwa masiku onse.

Mafumu ndi makomiti akabwerera kwawo, uthenga wokafikitsa pa misonkhano ya m'midzi, m'mipingo ndi m'mizikiti ndi wakuti mayi aliyense amene wadumpha miyezi iwiri apite kusikelo, ngakhale mudzi usanadziwe, ndipo akafunse za sikani.